Chikuto chowala, kanema wachimbuuzi

Mlimi wa ku Chifunde akapita ndi belo la fodya kumsika, ogula amalitsegula mpaka pakati. Iye akatenga ndalama ya fodya yemweyo kukagula chimbale cha filimu yakale, amangomuonetsa chikuto.

Fodya akayamba kugulidwa, boma la Chifunde limasintha nkhope. Njinga zamoto zatsopano zimalira m'njira za ku Mualadzi ndi ku N'sadzu, malata amayenda pangolo, ndipo m'mabanka, timasitolo ta m'mbali mwa msewu wa N9 wochokera ku Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, katundu sagonamo. Inali nyengo ngati imeneyo pamene amalume anga anafika pakhomo dzuwa litapendeka, katoni ya deki ya DVD ataimanga pakaliyala, chimbale chimodzi chili m'thumba la jekete.

Chikuto chake chinali chosiririka. Bruce Lee ali chifuwa pamtunda, thupi lili mikwingwirima ya magazi, kumbuyo kwake moto ukulilima. Pamwamba panalembedwa kuti "12 in 1", pakona pali chidindo chagolide cha "HD". Amalume Chingerezi sachidziwa, Chipwitikizi amangotola apo ndi apo, koma nkhopeyo ankaidziwa ngati ya m'bale wawo. Anaiona koyamba ali mnyamata kutsidya kwa malire, m'dera la Petauke ku Zambia, kumene anthu ambiri a kuno anathawira nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kumeneko, m'kanyumba ka vidiyo kotchinga ndi ziguduli, anaonera Enter the Dragon. Kuyambira pamenepo ankatisimbira kawirikawiri za ndewu ya m'chipinda cha magalasi, ife tili kukamwa yasa.

Usiku umenewo tinalumikiza batire, ana a m'mudzi atadzaza pakhonde. Filimu yoyamba itayamba, nkhope za anthu zinkaoneka ngati ukudziyang'ana m'chithaphwi chimene mwangodutsa ng'ombe. Ndewu ikafika pachimake, chithunzi chinkasweka n'kukhala timabokosi. Mwendo unkaponyedwa, koma womenyedwayo anali kunja kwa sikirini, tinkangomva kukuwa kwake. Titafika pa filimu yachitatu, amalume anadzuka pampando, n'kuyandikira, n'kuyang'anitsitsa.

"Uyutu si iyeyu," anatero.

Ankanena zoona. Anali munthu wina wometa mofanana naye. Mafilimu awiri omaliza sanatseguke n'komwe, deki inangolira n'kuima.

M'mawa mwake anapalasa njinga kubwerera kubanka kumene anagula chimbalecho, ine ndili pakaliyala.

"Aphwanga, mwandigulitsa chiyani?"

"Pepani abambo, mafilimu akale ndi mmene amaonekera. Ndiponso chimbale chikatuluka muno sichibwerera."

Yankho limenelo ndalimva kambirimbiri, ku Tete, ku Katete ngakhale ku Lilongwe. Limandipweteka chifukwa ndi labodza, ndipo amene amanamizidwa ndi anthu amene ndalama yawo imabwera kamodzi pachaka.

Belo amalitsegula

Chifunde ndi boma lalikulu, loposa masikweya kilomita 9,000, ndipo pa kalembera wa 2007 munali anthu opitirira 100,000. Ambiri mwa iwo ndi Achewa, alimi a chimanga, mtedza ndi fodya. Fodya wa kuno amathera kufakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mumzinda wa Tete. Asanafike kumeneko amadutsa m'manja mwa munthu woika giredi, ndipo mlimi aliyense amadziwa chimene chimachitika pamenepo. Belo amalimasula. Dzanja limalowa mpaka pakati n'kusolola masamba. Zikapezeka kuti pamwamba munayalapo fodya wokongola koma m'kati mwabisa wonyowa kapena wothothoka, giredi imatsika, mwinanso belo limabwerera kumudzi. Palibe amene amadabwa nazo. Kunja kwa belo kuyenera kunena zoona za m'kati mwake.

Lamulo limeneli mlimi amalimvera chaka ndi chaka, kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa. Koma akakhala iye wogula, lamulolo limasowa. Chimbale amachipereka chili m'pulasitiki, chikuto chikunyezimira, ndipo zam'kati amakazionera kunyumba, mtunda wa maola angapo panjinga. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwake n'kwakuti mkuyu sunachite kufuna kunamiza munthu, pamene chikuto anachikonza dala.

Nkhope ya wina, filimu ya wina

Chinyengo chimene amalume anachigwira usiku uja ndi chakale kuposa DVD. Bruce Lee anamwalira ku Hong Kong pa 20 Julayi 1973 ali ndi zaka 32. Mafilimu a karate amene anamaliza ali sitelingi ndi anayi okha: The Big Boss ya 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon za 1972, komanso Enter the Dragon ya 1973. Game of Death, imene inatuluka mu 1978, ili ndi mphindi pafupifupi 11 zokha za ndewu zimene iye anajambulira filimuyo. Mbali zambiri zotsalazo anasewera ndi anthu ena, nkhope zawo zitabisidwa ndi magalasi akuda kapena atafulatira kamera. Choncho chimbale chilichonse cholonjeza mafilimu 12 a karate a Bruce Lee chayamba kunama chisanalowe n'komwe mu deki.

Atangomwalira, makampani a ku Hong Kong ndi Taiwan anayamba kusaka anyamata ofanana naye n'kuwapatsa maina osokoneza: Bruce Li, Bruce Le, Dragon Lee. Ena mwa iwo anali akatswiri ndithu, ndipo mafilimu awo amaonereka. Vuto ndi chikuto chimene chimaika nkhope ya mwini dzina pa ntchito ya munthu wina.

Jackie Chan nayenso zinamuonekera. Filimu ya Master with Cracked Fingers anaisoka kuchokera ku zidutswa za filimu imene iye anasewera ali wachinyamata, n'kuwonjezerapo munthu wina woyerekeza kukhala iyeyo, kenaka n'kuitulutsa mu 1979 atatchuka. Ina, imene imagulitsidwa ndi dzina la Rumble in Hong Kong, ndi filimu ya 1973 momwe iye ali chabe mmodzi wa zigawenga, koma pachikuto amamuimika patsogolo ngati ndiye mwini nkhani. Chimodzimodzi Chuck Norris mu Slaughter in San Francisco ya 1974: iye ndi mkulu wa zigawenga, sitelingi ndi wina, koma filimuyo inagulitsidwa ndi nkhope yake. Nawo mafilimu ambiri a maninja a Godfrey Ho a m'ma 1980 anali mafilimu awiri osiyana olumikizidwa pamodzi, n'chifukwa chake nkhani zake sizimveka mutu ngakhale mutatchera khutu chotani.

Ogulitsa zimbale za ku Nigeria anabweretsa njira yawoyawo. Nkhani imodzi amaidula pakati, pamene mtima uli m'mwamba, n'kulemba kuti gawo lachiwiri likubwera. Ukagula gawo lachiwirilo, mphindi zoyambirira umapeza akubwereza zimene unaonera kale.

Kumene chithunzi chimafera

Tibwerere ku mawu aja akuti mafilimu akale ndi mmene amaonekera. Mafilimu a m'ma 1970 ndi 1980 ankawajambula pa lamba wa filimu wa mamilimita 35, ndipo lamba ameneyu amasunga tinthu ting'onoting'ono tambiri kuposa timene DVD ingakwanitse kuonetsa. Umboni ulipo. Mu 2023, Enter the Dragon itakwanitsa zaka 50, kampani ya Warner Bros. inaitulutsanso itaikonza mwa 4K, ndipo thukuta la pankhope limaoneka dontho lililonse. Filimu yakale siinabadwe yachimbuuzi. Imachita kuphedwa panjira, ndipo malo amene imafera ndi odziwika.

Malo oyamba ndi gwero. Wopanga chimbale chotchipa alibe lamba weniweni. Amatenga tepi ya VHS, luso la kampani ya JVC la 1976, ndipo kawirikawiri tepiyo inakopedwa kuchokera ku tepi inzake imene inatha kale ndi kuzungulira. Tepi ikamakopedwa, kope lililonse limataya kuwala ndi mitundu. Mukaona kamzere konjenjemera pansi pa sikirini, dziwani kuti mukuonera tepi yovekedwa malaya a DVD.

Malo achiwiri ndi m'mbali. Mafilimu ambiri a karate anawajambula otambalala, oti adzaze chinsalu cha m'nyumba ya kanema. Kuti akwane pa TV yakale ija, ankawadula kumanzere ndi kumanja, ndipo chotayika chinkapitirira magawo 40 pa 100 a chithunzi. Ndiye mwendo uja tinkauona ukutuluka kunja kwa sikirini. Mdani anali pomwepo, koma anamudula ndi lumo.

Malo achitatu ndi VCD, chimbale cha 1993 chimene chinafala kwambiri ku Asia DVD isanabwere mu 1996. Chithunzi cha VCD chili ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi, pamene cha DVD ya kuno chili ndi 720 ndi 576. Kunena kwina, VCD imanyamula gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene DVD imanyamula. Wina akakopera VCD pa chimbale cha DVD, timadontho tosowato sitibwerera.

Malo achinayi ndiwo aakulu: kuthinitsa. DVD wamba imalowa magigabaiti 4.7, okwanira maola awiri a kanema wooneka bwino. Mafilimu 12 a ola limodzi ndi theka ndi maola 18. Kuli ngati kutenga ufa wa nsima ya anthu awiri n'kuphikira anthu 18. Aliyense alandira mbale, koma m'mbalemo muli phala lamadzi. Ngakhale chimbale chachikulu cha magigabaiti 8.5 sichingathetse njala imeneyo. Makina othinitsa amasunga zimene zasintha pakati pa chithunzi china ndi chinzake, choncho anthu akamangocheza atakhala pansi zimaoneka bwinoko. Zibakera zikayamba kuuluka, zosintha zimachuluka, malo amachepa, ndipo chithunzi chimasweka timabokosi. Chimafera pamalo enieni amene munthu anachigulira.

Malo omaliza ndi chimbale chenichenicho. Chimalembedwa kuyambira pakati kupita kumphepete, ndipo kumphepeteko n'kumene zimbale zotchipa zimayambira kulephera, n'kumenenso zala ndi fumbi zimafikira. Chikakhala padzuwa la Okutobala pathebulo la wogulitsa, mafilimu omaliza amafa asanaonedwe.

Nanga chidindo chagolide chija? DVD siitha kuonetsa HD yeniyeni. Zikuto zina zimalembedwa "Blu-ray", koma chimbale cha Blu-ray, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 2006, sichisewera mu deki wamba ya DVD. Ngati chasewera mu deki yanu, mawuwo ndi utoto chabe.

Ulendo wa chimbale

Mnyamata wa pabanka uja sindimuona ngati mdani. Iyenso amapikula katundu ali m'mitolo, osamuyesa, ku Tete kapena kutsidya kwa Chanida, ku Katete ndi ku Chipata. Amene anamupikulitsa naye anapikula kwa wina. Ukalondola mzerewo umakafika kwa munthu amene sadzamuona mlimi wa ku Mualadzi, ndipo alibe chifukwa choopera dandaulo lake.

Pali chinanso chimene tiyenera kuvomereza. M'boma lonseli sindinaonepo sitolo yogulitsa chimbale chovomerezeka cha filimu yakunja. Makampani akuluakulu a mafilimu sanaone phindu lobweretsa katundu wawo kumidzi ya ku Tete, ndipo mpata umene anausiyawo unadzazidwa ndi okopera. Katswiri wina wa ku University of Wisconsin-Madison, Jonathan Gray, analemba mu 2011 za mmene mafilimu a Steven Seagal anafikira ku Malawi kudzera m'zimbale zokopera. Zimene zinachitika ku Malawi n'zimene zinachitikanso kuno, chifukwa malire sanaletsepo chimbale kuyenda. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi amakondedwa kuno chifukwa agogo ndi mdzukulu amamva limodzi zimene sitelingi akunena. Njala ya kanema ndi yeniyeni, ndipo si yochititsa manyazi.

Tisaganizenso kuti bodza la pachikuto ndi la mayiko osauka okha. Ku America, filimu ya 1968 ya Night of the Living Dead inatuluka yopanda chizindikiro cha umwini, motero aliyense anali ndi ufulu woigulitsa. Makampani ambirimbiri olembetsedwa mwalamulo anaitulutsa yakuda bii, zikuto zili phuliphuli. Wogula wa kumeneko anali ndi mwayi umodzi: ankatha kubweza katunduyo, kapena kusankha kope lina pashelefu yomweyo. Wa ku N'sadzu alibe shelefu yachiwiri.

Lamulo lilipo

Malamulo a Mozambique sali chete pankhaniyi. Ndime 92 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa ogula ufulu wolandira katundu wabwino ndi kuuzidwa zoona, ndipo imaletsa kutsatsa malonda monyenga. Lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, limafotokoza ufulu umenewu mwatsatanetsatane, kuphatikizapo kubwezeredwa ukagulitsidwa chinthu cholakwika. Bungwe la INAE ndilo linapatsidwa ntchito yoyendera malonda, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2001 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2022. Ku Malawi kuli bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo Zambia inayamba kumata zidindo za hologalamu pa zimbale mu 2013.

Koma nkhondo yolimbana ndi zimbale zokopera nthawi zambiri imakambidwa ngati ya mwini filimu yekha. Katundu amalandidwa, amatenthedwa, nkhani imathera pomwepo. Amene anapereka ndalama yake n'kulandira chimbuuzi satchulidwa. Nayenso anaberedwa. Ndalama ya chimbale ingaoneke yochepa kwa munthu wa pamalipiro a mwezi, koma kumudzi ndi sopo, ndi mchere, ndi makope a mwana. Kukadandaula kulikulu la boma kumafuna ndalama ya ulendo yoposa mtengo wa chimbalecho, ndiye munthu amangoti zagwa zatha.

Zathu zomwe zikufera momwemo

Chondidetsa nkhawa kwambiri si Bruce Lee. Iye ali ndi makampani olemera omusungira lamba wake. Nkhawa yanga ili pa mafilimu athu.

Dziko la Mozambique litangolandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema. Bungweli linkajambula Kuxa Kanema, nkhani za pakanema za mphindi pafupifupi 10, ndipo magalimoto ankazinyamula kukazionetsa kumidzi. Linatulutsanso Mueda, Memória e Massacre ya Ruy Guerra mu 1979, O Tempo dos Leopardos mu 1985 ndi O Vento Sopra do Norte ya José Cardoso mu 1987. Mu 1991 moto unawononga nyumba ya bungweli ku Maputo, ndipo ntchito inazilala. Filimu ya Mueda ija inakonzedwanso mothandizana ndi bungwe la Arsenal la ku Berlin. Mu 2017, The Film Foundation ya Martin Scorsese, pamodzi ndi FEPACI, UNESCO ndi Cineteca di Bologna, anayamba ntchito yokonzanso mafilimu 50 a mu Africa. Ndi ntchito yabwino. Funso langa n'lakuti makope okonzedwawo adzafika liti ku Chifunde, kumene kuli zidzukulu za anthu amene mbiri yawo ili m'mafilimuwo.

Taganiziraninso za Izeki ndi Jakobo, amene zisudzo zawo zinaseketsa Achewa a mbali zonse zitatu za malire. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Sadzajambulanso. Makope amene amayenda m'midzi yathu ndi okopedwa kuchokera ku okopedwa, mawu ali patsogolo, milomo ili m'mbuyo. Neria ya ku Zimbabwe, imene inaliza amayi ambiri pa nkhani ya kulanda chuma cha masiye, imafika kuno momwemonso. Mwana woonera zotere amakula akuganiza kuti zakwathu n'zosaoneka bwino mwachibadwa, zowala ndi za eni ake akunja. Bodza limeneli ndi loopsa kuposa la pachikuto.

Chimbale chikupita, bodza latsala

Lero madeki ambiri ali pansi pa bedi. Anyamata amapita kobenetsa ndi fulashi kapena memore khadi, n'kubwera ndi mafilimu odzaza foni. Komatu ambiri mwa mafilimu akalewo anachotsedwa pa zimbale zomwe zija, n'kuthinitsidwanso kuti akwane. Chikuto chasanduka dzina la failo, ndipo dzinalo likunenabe kuti HD.

Pali zinthu zimene wogula angachite osadikira woyendera malonda wochokera ku Tete. Werengani mafilimu amene ali pachimbale: akapitirira awiri kapena atatu, chithunzi chayamba kale kuchepa mphamvu. Tembenuzani chimbalecho: kunsi kukakhala kofiirira mobiriwira kapena kwa mtundu wa bilinganya, chinabenedwa pa kompyuta, sichinadindidwe kufakitale. Koposa zonse, nenani kuti achiyese muli pomwepo. Asayambire filimu yoyamba. Atsegule yomaliza, athamangitse mpaka pandewu, muone ngati nkhope ili pachikuto ilimodi. Kobenetsa chitaninso chimodzimodzi musanapereke ndalama.

Ogulitsa nawo ali ndi mbali yawo. Wonena zoona kuti ichi n'chochokera pa tepi, ichi sitelingi wake ndi wofanana naye chabe, sataya kasitomala. Kumudzi mbiri imayenda msanga kuposa njinga yamoto, ndipo banka imene imalola kuyesa ndi kubweza ndiyo imadzaza fodya akagulidwa. Masukulu ndi mabungwe a zachikhalidwe m'chigawo cha Tete angathenso kupempha makope abwino a mafilimu a dziko lino kuti azionetsedwa m'maboma, monga ankachitira magalimoto a Kuxa Kanema.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi kope lovomerezeka la Enter the Dragon, lokonzedwa bwino lija. Amalume tsopano tsitsi layera, maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye tinawaikira mpando patsogolo. Itafika ndewu ya m'chipinda cha magalasi, chithunzi chinali chathunthu, mbali zonse zilipo, mdani akuoneka m'galasi lililonse. Anakhala chete mpaka kumapeto. Kenaka anatembenukira adzukulu awo.

"Mwaona? Sindinkakunamizani."

Zaka zonse zija ankaganiza kuti anawo anasiya kukhulupirira nkhani yawo chifukwa cha chimbale chija. Sabata yotsatira ndinawaperekeza kumsika kukagula wailesi ya sola. Wogulitsa atawapatsa katoni yomata bwino, yojambulidwa mokongola, anaibweza pathebulo ndi manja awiri.

"Aphwanga, tsegulani. Belo langa amatsegula."